Chiliza cha msilikali amene anapita ndi matenda: osema a ku Limbe mwala amautha, koma mawu ndi maziko musawasiyire

Pa malo osema ziliza amene ali m'mbali mwa msewu wina wotuluka m'tauni ya Limbe, chokulandirani choyamba ndi fumbi loyera la mwala ndi kulira kwa galaindala. Miyala yakuda yatsamira khoma m'mizere, ina yolembedwa kale, ina ikudikira kuti eni ake amalize kulipira. Dzina la malowa sitilitchula chifukwa zofooka zimene tinene pano si zawo okha, muzipezanso kwa osema ambiri mu Blantyre muno. Tawaunika pa ntchito imodzi imene imavuta kuposa mmene imaonekera: chiliza cha msilikali wachinyamata amene sanagwe ndi chipolopolo koma anamwalira ndi matenda ali pa ntchito ya nkhondo.

Tiyambe ndi mawu, chifukwa apa ndi pamene pamalakwika zambiri ndipo mwala ukalembedwa sufufutika. Pa tebulo la mu ofesi pali buku la zitsanzo. Muli mawu a mayi, a bambo, a mwana, a mbusa. A msilikali ndi amodzi okha, akuti "anafera kunkhondo", ndipo mnyamata wa pa kompyuta akangomva kuti malemu anali msilikali amathamangira omwewo. Banja limene mwana wawo anapita ndi malungo kapena chibayo limangovomera, pena chifukwa cha manyazi, ngati kuti kufa ndi matenda n'kuchepa usilikali. Maganizo amenewo ndi olakwika, ndipo mbiri ya asilikali a dziko lino imawatsutsa. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ankaitcha ya Chiwaya, amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 analowa usilikali, ambiri m'gulu la nkhondo la King's African Rifles (KAR), ndipo ena pafupifupi 200,000 anasenza katundu monga atengatenga. Pa nkhondo ya kum'mawa kwa Africa imeneyo, kamwazi, malungo, chibayo ndi njala zinapha anthu ochuluka kuposa zipolopolo, ndipo chakumapeto kwa 1918 fuluwenza inadzamaliza ena ali m'misasa, nkhondo itatha kale. Mu 1944 asilikali a KAR anatsika m'chigwa cha Kabaw ku Burma mvula ili pakati, malo odziwika ndi malungo ndi matenda a typhus. Ankawamwetsa mapiritsi a mepacrine amene ankasandutsa khungu kukhala lachikasu, komabe ambiri anagonekedwa. Munthu amene anamwalira motero anamwalira pa ntchito, ndipo mwala uyenera kunena zimenezo mosabisa komanso mosakokomeza.

Mawu oyenera ndi achidule: "Anamwalira ndi malungo ali pa ntchito ya usilikali", kenako malo ndi tsiku. Banja limene silifuna kutchula nthenda lilembe kuti "anamwalira atadwala ali pa ntchito ya usilikali". Osemawa akauzidwa amalemba popanda kuwiringula, ndipo salipiritsa china chapadera pa mawu a inu eni bola asapitirire mizere imene munagwirizana. Chimene sachita n'kukufunsani. Funso loti kodi malemu anamwalira bwanji, pa malo pano simulimva.

Dongosolo labwino la zolemba mungalibwereke ku bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamalira manda a asilikali a nkhondo ziwiri zikuluzikulu, kuphatikizapo ena ku Zomba ndi ku Karonga. Mwala wawo wodziwika ndi wa masentimita 76 kutalika, 38 m'lifupi, ndipo zolemba zimatsatana motere: chizindikiro cha gulu pamwamba, nambala ndi udindo, dzina, gulu la nkhondo, tsiku lomwalira ndi zaka, kenako pansi penipeni mawu ochepa a banja, amene poyamba ankawaikira malire a zilembo 66. Malire amenewo ndi phunziro labwino. Mabanja ambiri amafuna kudzaza mwala ndi vesi lonse, ndakatulo, ndi mayina a abale onse, mapeto ake zilembo zimachepa mpaka munthu kuchita kugwada kuti awerenge. Vesi lembani malo ake okha, monga 2 Timoteo 4:7 kapena Yohane 15:13, owerenga akatsegula okha Baibulo kunyumba. Bungwe lomweli silisankha kuti munthu anafa ndi chiyani: aliyense amene anamwalira ali pa usilikali pakati pa 4 August 1914 ndi 31 August 1921, kapena pakati pa 3 September 1939 ndi 31 December 1947, amamuwerengera, kaya ndi chipolopolo, ngozi kapena matenda.

Nambala, udindo ndi tsiku musazitenge pamutu pa munthu. Kwa msilikali wa masiku ano, amene mwina anadwalira ku DRC kapena pa nthawi imene asilikali athu ankalondera njanji ya ku Nacala ku Mozambique, tengani mapepala ochokera ku gulu lake ndi chiphaso cha imfa. Pa imfa yochitikira kunja pamakhala masiku atatu amene amasokonezeka: tsiku lomwalira, tsiku limene thupi linafika pa bwalo la ndege, ndi tsiku la maliro. Abale ambiri amakumbukira lachiwiri kapena lachitatu chifukwa ndi pamene analira. Pamwala pafunika loyamba. Mwezi ulembedwe m'mawu, chifukwa 03/04 wina aziwerenga March, wina April. Udindo ulembedwe mmene ulili pa pepala. Kukweza Private kukhala Corporal pofuna kumulemekeza kumadzachititsa manyazi tsiku lovumbulutsa chiliza, anzake a ku balaki atabwera. Ngati mukufuna chizindikiro cha Malawi Defence Force kapena cha batalioni pamwala, yambani mwafunsa akuluakulu a gulu lake, ndipo pemphani chithunzi chenicheni cha chizindikirocho. Chimene osemawa ali nacho mu kompyuta anachikopera pa intaneti, n'chosaoneka bwino, ndipo akachikulitsa m'mphepete mumatuluka mano ngati a sowo.

Kwa agogo a nthawi ya KAR ntchito ndi ina. Yambani ndi tsamba la intaneti la bungwe la Commonwealth lija, kufufuza n'kwaulere. Yesani dzina m'kalembedwe kangapo, chifukwa makalaliki a nthawi imeneyo ankalemba mmene khutu lawo lamvera, ndipo asilikali ambiri analembedwa ndi dzina limodzi lokha kapena dzina limene anadzipatsa polowa usilikali. Amene anatsikira ku Burma ena ali ku manda a Taukkyan pafupi ndi Yangon, ena mayina awo ali pa khoma la chikumbutso pa malo omwewo. Dzina likasowa musafulumire kunena kuti nkhani ya agogo inali nthano. Mu 2021 bungweli linavomera lokha kuti anthu osachepera 116,000 a nkhondo yoyamba, ambiri a iwo a mu Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu. Malo ena oyesa ndi National Archives ku Zomba, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House, ndi nsanja ya chikumbutso ya KAR pafupi ndi Cobbe Barracks, imene ili ndi mayina. Osema a ku Limbe sangakuthandizeni pa zonsezi, ndipo sitikuwaimba mlandu, si ntchito yawo. Mlandu tikuwaimba ndi uwu: mwala wa munthu amene thupi lake silinabwere kumudzi amaulembabe "Pano pagona". Pamenepo sipanagone munthu. Mawu ake ndi "Pokumbukira", ndipo pansi mulembe kumene anaikidwa ngati kukudziwika.

Tsopano mwala weniweniwo, kumene amisiriwa amaonetsa kuti ntchito amaidziwa. Ali ndi mitundu itatu: granite wakuda wa ku Mutoko ku Zimbabwe, granite wotuwa wamawangamawanga, ndi terrazzo amene amaumba okha ndi simenti ndi timiyala. Wakudayo ndiye woyenera ngati mukufuna chithunzi. Kupukuta kwawo n'kwabwino zedi, mukayendetsa chala m'mphepete simumva pokanda, ndipo ngodya zake n'zowongoka. Komabe yesani mwala musanalipire. Ugogodeni ndi kachitsulo: wabwino umalira mokweza ngati belu, wokhala ndi mng'alu wobisika umalira mogonthera. Pukutani pakona ndi kansalu koyera konyowetsa ndi thina. Kakada, ndiye kuti mwalawo anaupaka utoto kuti uoneke wakuda kwambiri, ndipo dzuwa la zaka ziwiri lidzauulula. Miyala ya pa malo ano imapambana mayeso onse awiri. Terrazzo wawo ndi wapakatikati. Ndi wotchipa, koma ku Blantyre kuno kumene chiperoni chimanyowetsa zinthu masiku angapo, amachita ndere msanga ndipo zilembo zake zimakhala zopenta pamwamba chabe.

Chenjerani ndi mwala wa kumutu wa masentimita 3 umene amauika pa mtengo wotsika. Kuchindikala kumeneko n'koyenera mwala wogoneka, osati woimirira. Woimirira usachepere masentimita 5, ndipo ngati ukufika masentimita 90 kutalika, pafunika 7 kapena 8. Chifukwa chake ndi mapini. Mwala wa kumutu umagwira pa tsinde lake ndi mapini awiri a mamilimita 12, otalika masentimita 15 kapena kuposa, theka m'mwala theka m'tsinde, omatidwa ndi guluu wa epoxy. Pa mwala wopyapyala palibe pobowola, ndiye amangoumata ndi simenti, ndipo mwana akautsamira kapena ng'ombe ikadzikanda, wagwa. Mapiniwo akhale a stainless, chitsulo chosachita dzimbiri. Amisiriwa mukapanda kunena amadula chitsulo wamba cha konkire, chimene chimachita dzimbiri, n'kutupa, n'kung'amba mwala kuchokera m'kati. Muziona mapiniwo ndi maso anu asanawalowetse. Maginito amathandiza: pa chitsulo wamba amamatirira mwamphamvu, pa stainless wabwino sagwira kapena amagwira pang'ono chabe.

Zilembo amalemba m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yopopera mchenga: amamata pepala la labala pamwala, kompyuta itadula kale zilembo, n'kupopera mchenga mwamphamvu mpaka zilembo zitalowa mamilimita 2 kapena 3. Iyi ndiyo yosankha pa dzina, nambala ndi masiku, chifukwa penti ikasuluka zilembo zimawerengekabe ndipo mutha kupentanso. Yachiwiri ndi ya laser, imene imangokanda pamwamba pa mwala wopukutidwa. Imatulutsa chithunzi chokongola, koma mawu olembedwa motero amazimirira mwala ukanyowa kapena ukachita fumbi. Dzina likhale la masentimita 4 kapena 5, zolemba zina zisachepere 2. Yang'anitsitsani kachizindikiro ka pa ng' ndi kadenga ka pa ŵ ngati dzina la kwanu lili nato. Zilembo zina zokongoletsa za mu kompyuta yawo zilibe timeneti, timangosowa mwakachetechete, ndipo dzina limasanduka la munthu wina. Asanadule labala, auzeni asindikize mawu onse pa pepala la kukula kwenikweni. Pepalalo lipite kunyumba, aliwerenge anthu atatu, mmodzi mokweza chilembo ndi chilembo wina atagwira chiphaso cha imfa, kenako mwinimbumba asayine. Amisiriwa amakonda kutumiza kachithunzi pa WhatsApp n'kufunsa kuti "zili bho?" Pa foni nambala 3 ndi 8 sizisiyana.

Chithunzi cha msilikali chili ndi vuto lake. Chipewa ndi yunifolomu zimakhala zakuda kapena zamawanga, ndipo pa mwala wakuda zimamira, nkhope n'kutsala ikulendewera yopanda mutu ndi mapewa. Mnyamata wa pa laser amadziwa kuwalitsa m'mphepete kuti chipewa chioneke, ndipo apa tikumuyamikira, koma amafunika chithunzi chabwino. Musajambule chithunzi chakale ndi foni chili m'galasi. Chitulutseni, akachisikane pa 600 dpi, ndipo potumiza pa WhatsApp chipite ngati document kuti chisafinyidwe. Ngati chithunzi chimene chilipo n'chimodzi chokha, chofufuma, kuli bwino kusiya mwala wopanda nkhope kusiyana ndi kulola kompyuta ipeke nkhope imene amayi ake sadzaizindikira.

Maziko ndiye chilonda cha malo ano. Gulu limene amatumiza kumanda limafuna kumaliza zonse masiku awiri, chifukwa galimoto yonyamula miyala amaichita hayala. Amakumba mozama masentimita 20, pena pamwamba penipeni pa dothi limene adzukulu anakwirira, kuthira konkire lero, mawa n'kusanjika miyala. Mwala wa kumutu wa 90 kwa 60 kwa 8 umalemera pafupifupi makilogalamu 120, wogoneka wa mamita 2 umapitirira 150. Dothi lokwirira limatitimira bokosi likayamba kuwola, ndipo chiliza chimapendekera kumutu kapena kuthyoka pakati. Mukayenda m'manda akale a mu mzinda muno, ziliza zopendekeka zambiri si chifukwa cha mwala woipa.

Manda adikire chaka chathunthu, dzinja lonse lidutsepo, pokhapokha ngati anamangira njerwa m'kati ndi kuvindikira ndi silabu pa tsiku la maliro. Ngalande ya maziko ikumbidwe kunja kwa dzenje, pa dothi limene khasu silinakhudze, kuya kwake 45 mpaka 60, ndipo pa dothi la makande pitirirani. M'menemo muthire mtanda wa konkire wozungulira, wa masentimita 23 kwa 30, wokhala ndi zitsulo zinayi za Y12 (zochindikala mamilimita 12) zomangidwa ndi maringi pa masentimita 20 kapena 25 alionse. Pa chiliza cha mamita 2.4 kwa 1.2, zitsulo zitatu za mamita 12 zimakwana. Zitsulo zisagone pa dothi, zikwezeni ndi timiyala kuti konkire izikute masentimita 4 kapena 5 mbali zonse. Kasakanizidwe ndi thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50, wilibala imodzi ya mchenga, mawilibala awiri a kwale, osasefukira. Mtandawo umadya matumba atatu ndi pang'ono, silabu ya masentimita 10 pamwamba pake awiri, njerwa ndi pulasitala awiri ena. Mmisiri amene akuti ntchito yonse itheka ndi matumba atatu akukuuzani kuti simenti ichepa.

Mchenga ukhale wa mumtsinje. Kuyesa kwake n'kosavuta: thirani mchenga m'botolo mpaka theka, dzazani madzi, khutchumulani, siyani maola atatu. Matope amakhala pamwamba pa mchenga, ndipo akafika gawo limodzi mwa magawo khumi, mchengawo ubwerere. Madzi osakanizira asachuluke. Anyamata amakonda konkire ya phalaphala chifukwa siitopetsa mkono, koma ikauma imakhala yofumbutuka. Ikathiridwa, ifunditseni masaka onyowa ndipo muzithirira m'mawa ndi madzulo masiku 7. Miyala isakwere masiku 14 asanakwane, ndipo 28 ndiye abwino koposa. Izi zikutanthauza maulendo awiri, ndipo osemawa amalipiritsa wachiwiriwo. Lipirani, kapena pezani mmisiri wodalirika wa kwanuko amange maziko motsata miyeso imene osema akupatsani pa pepala, iwo adzangobwera kudzakhazika miyala. Njira yachiwiriyi imatchipa, ndipo iwo sakana.

Manda ambiri a kuno ali pa malo otsetsereka. Amene anaona zimene madzi a namondwe Freddy anachita ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche mu March 2023 safunika kuuzidwa mphamvu ya madzi otsika m'phiri. Kumtunda kwa chiliza kumbani kangalande kopatutsa madzi, ndipo mwala wogoneka upendekere kumiyendo ndi sentimita imodzi kapena awiri kuti madzi asadikhe. Mtengo wamthunzi usabzalidwe pafupi kuposa mamita 3, mizu imanyamula konkire.

Chilolezo osema sakutengerani. Manda a khonsolo, pitani ku khonsolo. A mpingo, kwa akulu a mpingo. A kumudzi, kwa amfumu, ndipo adzukulu adziwitsidwe, chifukwa galimoto yofika ndi miyala popanda mawu imabwezedwa pa chipata cha manda. Mwala wa chikumbutso wopanda thupi umafunika kukambirana kwambiri, popeza si mudzi uliwonse umene umalola kuuika pakati pa manda. Mabanja ena amauika pakhomo kapena pa khoma la tchalitchi, ndipo pamenepo kamwala ka masentimita 40 kwa 30 komangirira ndi mabawuti anayi a stainless kamakwana.

Mitengo sitiilemba chifukwa mwala wa kunja umatsata dola, ndipo chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa mwezi uno si wa mwezi wamawa. Poyerekeza ndi ena a mu mzinda, awa ali pakati. Amafuna theka poyamba, lotsala mwala usanachoke pa malopo. Limbikirani kuti kagawo kotsiriza kaperekedwe miyala itakhazikidwa ndipo levulo itayesedwa inu mukuona. Lisiti yawo imangolembedwa kuti "tombstone" ndi ndalama, zomwe sizikutetezani. Auzeni alembepo mtundu wa mwala, miyeso yonse ndi kuchindikala, njira yolembera, mtundu wa mapini, amene alipire galimoto, tsiku lomaliza, ndiponso kuti cholakwika chosiyana ndi pepala losayinidwa adzakonza ndi ndalama zawo. Amalonjeza masabata atatu. Kuyambira August mpaka October, pamene mabanja ambiri amamanga ziliza mvula isanagwe, werengerani asanu ndi limodzi, ndipo magetsi akamazimazima onjezerani. Amene akufuna kuvumbulutsa chiliza pafupi ndi 11 November, tsiku lokumbukira asilikali, apereke oda mu July, maziko athiridwe September asanathe.

Akamaliza amakupatsani kabotolo ka polishi kuti muzipaka. Kasiyeni. Polishi ndi mafuta zimagwira fumbi ndipo zimadetsa zilembo za laser. Granite amangofuna madzi oyera, sopo pang'ono ndi bulashi yofewa kawiri pa chaka, dzinja likatha ndi lisanayambe. Bulashi yawaya ndi mankhwala oyeretsera zovala zisayandikire. Penti ya m'zilembo ikasuluka, tsukani, siyani ziume tsiku lonse, pakani penti ya enamel ndi kabulashi kakang'ono, ndipo yotsikira pambali muipale ndi lezala itagona, penti itauma.